Kusula Alaliki M'dziko la Obatizidwa Kale: Mafunso ndi Mayankho pa Mpingo wa ku Philippines

Dziko la Philippines ndi la zilumba zoposa 7,600, ndipo kalembera wa mu 2020 anapeza kuti muli anthu 109 miliyoni. Mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 79 ndi Akatolika, asanu ndi mmodzi ndi Asilamu, ndipo ochuluka mwa otsalawo amapemphera m'mipingo ina yachikhristu. Chikhalirecho, m'dzikoli muli masukulu ambirimbiri osula ansembe, abusa ndi alaliki, ndipo mipingo sinaleke kukambirana za yemwe ayenera kuphunzitsidwa, zomwe ayenera kuphunzira ndi komwe angaphunzirire. Mafunso otsatirawa akuunika nkhani imeneyi.

Ngati pafupifupi aliyense ndi Mkhristu kale, alalikiwo akalalikira kwa yani?

Kwa magulu atatu. Loyamba, lomwenso ndi lalikulu kwambiri, ndi la anthu obatizidwa amene sanaphunzitsidwepo mokwanira za chikhulupiriro chawo. Zoti Afilipino ndi anthu opembedza palibe angatsutse. Pa 9 Januwale chaka chilichonse, namtindi wa anthu, ambiri osavala nsapato, umaperekeza chifanizo cha Yesu wosenza mtanda kupita ku tchalitchi cha Quiapo mumzinda wa Manila. Kuyambira pa 16 Disembala, matchalitchi amadzaza m'bandakucha kwa masiku asanu ndi anayi pokonzekera Khirisimasi. Koma wansembe mmodzi amasamalira anthu zikwizikwi, ndipo munthu angathe kukula mpaka kulowa m'banja osakhalapo pansi ndi wina womufotokozera Malemba. Mu 1966 wansembe wa chipani cha Ajezuiti, Jaime Bulatao, analemba nkhani yomwe ikukambidwabe mpaka lero, yonena kuti Akhristu ambiri a m'dzikoli amasunga malamulo a mitundu iwiri mumtima: ena amawavomereza m'tchalitchi, ena ndi omwe amawatsata pa moyo wa tsiku ndi tsiku.

Gulu lachiwiri ndi la Asilamu a ku Mindanao ndi zilumba za Sulu, komanso mitundu ya kumapiri imene ikusungabe chipembedzo cha makolo. Lachitatu ndi la Afilipino omwe ali kunja kwa dziko, pamodzi ndi anthu amene amawagwirira ntchito.

Pali mfundo imodzi yosafunika kuibisa. Mipingo ya chievanjeliko ndi ya Chipentekoste imakula makamaka ndi anthu omwe anabatizidwa ku Katolika. Akatolika ena amati kumeneko n'kuba nkhosa za eni, pomwe enawo amayankha kuti nkhosazo zinalibe msipu. Mlaliki wosadziwa mkangano umenewu angathe kugawanitsa banja asanatsegule n'komwe Baibulo lake.

Kodi kusula atsogoleri a komweko kunayamba liti?

Kunachedwa kwambiri, ndipo kuchedwako kunakhetsa magazi. Woyenda panyanja Ferdinand Magellan anafika m'dzikoli mu 1521. Misa inachitika pa chilumba cha Limasawa pa tsiku la Pasaka, ndipo patangopita milungu iwiri mfumu Humabon ya ku Cebu inabatizidwa pamodzi ndi anthu ake mazanamazana. Magellan ataphedwa ku Mactan pa 27 Epulo, anzake anachoka osasiya mphunzitsi ndi mmodzi yemwe. Pamene Miguel López de Legazpi ankafika ku Cebu mu 1565 ndi ansembe a chipani cha Augustino Woyera, chachikulu chomwe anapeza pa Chikhristu chija chinali kachifanizo ka Mwana Yesu kamene kanasungidwa m'nyumba ina.

Ansembe ochokera ku Spain anagwira ntchito yaikulu. Anaphunzira zilankhulo za anthu, anasindikiza katekisimu wa Doctrina Christiana mu Chisipanishi ndi Chitagalogi mu 1593, ndipo mu 1611 a chipani cha Dominiko Woyera anatsegula sukulu yomwe lero ndi University of Santo Tomas. Anadaliranso achinyamata ophunzitsa katekisimu. Mmodzi mwa iwo, Pedro Calungsod wa ku zilumba za Visayas, anaphedwa ku Guam mu 1672 akuthandiza wansembe, ndipo Mpingo unamulemba m'gulu la oyera mu 2012.

Chovuta chinali mpando. Mfilipino ankaloledwa kuphunzitsa ana, kuimba ndi kumasulira, koma unsembe unabwera mochedwa, ndipo ambiri mwa odzozedwawo ankangokhala othandizira pomwe maparishi akuluakulu anali m'manja mwa azungu. Ansembe a komweko atayamba kufunsa chifukwa chake, boma la atsamunda linawaona ngati oukira. Pa 17 Febuluwale 1872 linapha ansembe atatu, Mariano Gómez, José Burgos ndi Jacinto Zamora, powanamizira kuti anali kumbuyo kwa kugalukira kwa asilikali ku Cavite. Imfa yawo inadzutsa mtima wofuna ufulu, moti mlembi José Rizal anapereka buku lake la El Filibusterismo kuti likhale chikumbutso chawo. Mu 1902 kunabadwa mpingo wodziimira pawokha wa Iglesia Filipina Independiente, wotsogoleredwa ndi wansembe Gregorio Aglipay. Episkopi woyamba wachifilipino mu Mpingo wa Katolika, Jorge Barlin, anadzozedwa mu 1906, patatha zaka 385 kuchokera pa ubatizo wa ku Cebu uja.

Nanga Apulotesitanti anachita mosiyana?

Anafulumira kumanga masukulu, koma pa nkhani ya mpando nawonso anapunthwa. Dziko la America litatenga zilumbazi mu 1898, amishoni anayamba kufika, ndipo James Rodgers wa mpingo wa Presbyterian anafika mu 1899. Mu 1901 mamishoni anagawana madera kuti asamalimbirane anthu: a Methodist anatenga zigawo za kumpoto kwa Manila, a Presbyterian za kumwera, ndipo a Baptist anakhazikika kumadzulo kwa Visayas. Chaka chomwecho a Presbyterian anatsegula sukulu ya Silliman Institute ku Dumaguete. Mu 1903 a Methodist anayamba sukulu yosula amayi otumikira mumpingo, yomwe lero ndi Harris Memorial College, ndipo mu 1907 a Methodist ndi a Presbyterian anaphatikiza masukulu awo aubusa kupanga Union Theological Seminary.

Mfilipino woyamba kudzozedwa mumpingo wa Methodist, mu 1900, anali Nicolas Zamora, wachibale wa Jacinto Zamora, wansembe wophedwa uja. Anali mlaliki wokoka makamu, koma ataona kuti ndalama ndi ziganizo zonse zili m'manja mwa amishoni a ku America, mu 1909 anatuluka ndi anthu ambiri n'kuyambitsa mpingo wa Methodist wa Afilipino okhaokha. Felix Manalo, yemwe anadutsa m'mipingo ingapo ya amishoni, analembetsa kuboma mpingo wa Iglesia ni Cristo mu 1914, ndipo lero mpingowu uli ndi anthu mamiliyoni, ngakhale chiphunzitso chake chimakana umulungu wa Khristu.

Mbiri yonseyi ikuloza kumodzi. Kuphunzitsa munthu kulalikira n'kumumana udindo sikumuletsa kutsogolera. Amatsogolerabe, koma kunja kwa mpingo umene unamulera.

Masiku ano atsogoleri amaphunzira kuti?

Masukulu alipo ochuluka, ena apamwamba zedi. Akatolika ali ndi maseminale m'madayosizi ambiri, kuphatikizapo San Carlos Seminary ya dayosizi yaikulu ya Manila, komanso Loyola School of Theology ndi East Asian Pastoral Institute zomwe zili pa yunivesite ya Ateneo de Manila. Mumzinda wa kumapiri wa Baguio muli seminale ya a Baptist ndi ina ya a Assemblies of God. Ku Quezon City kuli Asian Theological Seminary, yomwe inayamba mu 1969 ndipo imalandira ophunzira a mipingo yosiyanasiyana. A Seventh-day Adventist ali ndi sukulu yaukachenjede ku Silang m'chigawo cha Cavite. Popeza maphunziro amachitika m'Chingelezi ndipo mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi wa ku America kapena ku Ulaya, masukuluwa amakoka ophunzira ochokera ku Korea, Myanmar, Indonesia ngakhalenso ku Africa.

Ubwino womwewo ndiwo umabala vuto. Masukulu ambiri ali ku Manila ndi m'mizinda ina ikuluikulu. Mbusa wa pachilumba chaching'ono, amene amadyetsa banja lake ndi usodzi kapena kabaza wa njinga yamoto, sangasiye zonsezo kwa zaka zitatu kapena zinayi. Amene wakwanitsa kupita amakazolowera moyo wa m'tauni, ndipo pomaliza digiri yake imamutsegulira khomo la mpingo waukulu wa mumzinda kapena wa kunja kwa dziko. Mudzi umene unamutumiza umatsala monga unalili.

Mipingo ya m'midzi yonseyo inachokera kuti, ndipo amaitsogolera ndani?

Yambiri inabadwa mwadala. M'zaka za m'ma 1970, ntchito yotchedwa Christ the Only Way inaphunzitsa Akhristu wamba kutsogolera timagulu tophunzira Baibulo m'makomo mwa anansi awo. Kenaka, msonkhano waukulu wa zolalikira wa ku Lausanne wa mu 1974 utatha, atsogoleri a mipingo ya chievanjeliko pamodzi ndi mmishoni Jim Montgomery anagwirizana chinthu chomwe ambiri anachiona ngati maloto: kuti mipingo, yomwe panthawiyo inali pafupifupi 5,000, ifike 50,000 pofika chaka cha 2000. Cholinga chinali chakuti mu barangay iliyonse mukhale mpingo. Barangay ndi dera laling'ono kwambiri pa kayendetsedwe ka boma, ngati mudzi kapena kachigawo ka tauni, ndipo zilipo pafupifupi 42,000. Ntchitoyi, yotchedwa DAWN 2000, inafika pomwe atsogoleri ake ananena kuti chiwerengero chija chakwanira, ngakhale midzi yambiri inatsalabe yopanda mpingo chifukwa mipingo yatsopano inaunjikana m'matauni.

Mipingo ingachuluke kakhumi m'zaka 25, koma maseminale sangatulutse abusa pa liwiro limenelo. Ambiri mwa otsogolera mipingo yatsopanoyo anali aphunzitsi, alimi, ochita malonda ang'onoang'ono ndi amayi a pakhomo, odzipereka koma osadutsa ku sukulu yaubusa. Choncho maphunziro anayenera kuwalondola komwe ali. Njira imodzi ndi imene inayambira ku Guatemala mu 1963: wophunzira amawerenga buku lokonzedwa bwino ali kwawo, amachita zomwe waphunzirazo mumpingo mwake sabata yomweyo, kenaka amakumana ndi anzake ndi mlangizi kuti akambirane zomwe zatheka ndi zomwe zakanika. Ena amasonkhanitsa abusa a dera limodzi kwa masiku ochepa pakapita miyezi ingapo. Wailesi ya Far East Broadcasting Company, yomwe inayamba kuulutsa mawu ku Manila mu 1948, yakhala mphunzitsi wa ambiri a kuzilumba zakutali, ndipo chiyambire mliri wa COVID-19 maphunziro ambiri akuyenda pa foni kudzera pa intaneti.

Akatolika akuthana nalo bwanji vuto la kuchepa kwa ansembe?

Njira yawo yaikulu ndi miphakati. Inayambira ku Mindanao chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, makamaka m'dera la Tagum komwe kunali ansembe a chipani cha Maryknoll, ndipo inachokera ku mzimu womwewo wa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican umene unabala miphakati ya ku Malawi ndi ku Zambia. Parishi imodzi ya kumudzi ingakhale ndi timatchalitchi makumi angapo, ndipo wansembe amafika pa kalikonse mwa apo ndi apo. Lamulungu lililonse mwambo wa Mawu a Mulungu umatsogoleredwa ndi Mkhristu wamba wosankhidwa ndi anzake, amene amapita ku parishi kawirikawiri kukaphunzira ndi kukonzekera mawerengo. Msonkhano waukulu wa Mpingo wa Katolika m'dzikoli wa mu 1991 unavomereza miphakati ngati njira ya Mpingo wonse, ndipo unati Mpingowo ukhale wa anthu osauka.

Palinso mabungwe a Akhristu eni ake. Couples for Christ, lomwe linayamba ku Manila mu 1981, limaitanira mabanja ku maphunziro a milungu ingapo, kenaka limawaika m'timagulu tokumana m'makomo, ndipo banja lomwe lakhwima limapatsidwa kagulu kake. El Shaddai, yotsogoleredwa ndi Mike Velarde, inakoka anthu osauka miyandamiyanda kudzera pa wailesi ndi misonkhano ya pabwalo. Pamenepa Akatolika ndi Apulotesitanti anafika pa mfundo imodzi, aliyense podzera njira yake: amene angafikire mnansi ndi mnansi mnzake, ndipo ntchito ya wansembe kapena mbusa ndi kumukonzekeretsa.

Kupatula Baibulo, mlaliki ayenera kudziwa chiyani za anthu ake?

Choyamba, banja. Kwa Mfilipino kusintha mpingo si nkhani ya munthu mmodzi. Kumakhudza agogo amene anamuphunzitsa kupemphera, ankhoswe a ubatizo wake amene mwina anamulipirira sukulu, ndiponso chikondwerero cha woyera wosunga mudzi chomwe abale onse amasonkherana. Afilipino amalemekeza kwambiri chomwe amachitcha utang na loob, ngongole ya mumtima imene munthu amakhala nayo kwa yemwe anamuchitira zabwino, yosabwezeka ndi ndalama. Amapewanso kuchititsa mnzawo manyazi. Chotero mlendo akafika pakhomo n'kufunsa ngati mwininyumba akufuna kulandira Yesu, yankho limakhala inde, chifukwa kukana kungakhale kumunyoza mlendoyo. Mlaliki wosaphunzitsidwa bwino amalemba dzinalo m'kaundula wa otembenuka. Wophunzitsidwa bwino amabweranso sabata yamawa ndi inayo, mpaka munthuyo atamasuka kufunsa mafunso ake enieni.

Chachiwiri, mizimu. Ambiri amakhulupirira kuti m'mitengo ikuluikulu ndi m'zulu mumakhala mizimu, ndipo podutsa pamalo otere amapepesa kaye. Mwana akadwala, mayi angapite naye kuchipatala m'mawa, madzulo n'kupita kwa sing'anga wotchedwa albularyo. Zithumwa, zina zolembedwa mawu a Chilatini, zimagulitsidwa pafupi ndi makomo a matchalitchi ena. Mabuku ambiri a zaumulungu olembedwa ku Ulaya ndi ku America sanena kanthu pa zimenezi, moti mbusa wongophunzira mabuku amenewo amasowa chonena kwa mayi wa mwana wodwalayo. Mipingo ya Chipentekoste yakula msanga mwa zina chifukwa imapempherera odwala ndipo siichita manyazi kukamba za mizimu. Maphunziro abwino amathandiza mtsogoleri kuti asaseke mantha a anthu, komanso kuti asawakolezere pofuna kutchuka.

Chachitatu, Yesu amene anthuwo akumudziwa kale. M'Sabata Yoyera mabanja amaimba Pasyon, ndakatulo yaitali ya masautso a Khristu, mosinthana usana ndi usiku. Ya Chitagalogi yoyamba inalembedwa ndi Gaspar Aquino de Belén kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700. Anthu ovutika amadziona mwa Yesu womenyedwa ndi wosenza mtanda. Mlaliki wanzeru amayambira pamenepo n'kuwatengera ku manda opanda kanthu, m'malo mowauza kuti zonse zomwe makolo awo ankachita n'zachabe. Akatswiri a komweko monga Melba Padilla Maggay, amene anathandiza kukhazikitsa bungwe lofufuza za mpingo ndi chikhalidwe mu 1978, ndi José de Mesa wa ku Katolika, akhala akulimbikira kuti zaumulungu ziganizidwe kuchokera m'maganizo a Afilipino eni.

Nkhani ya chilankhulo ndi yaikulu bwanji?

M'dzikoli muli zilankhulo zoposa 170. Chifilipino, chomwe maziko ake ndi Chitagalogi, ndi Chingelezi ndizo za boma, koma anthu mamiliyoni ambiri amalota ndi kulira mu Chisebuwano, Chiilokano, Chihiligayinoni, Chiwarayi ndi zina. Wophunzira amene mayeso ake onse analemba m'Chingelezi amakapezeka kuti mawu ngati chisomo kapena kulungamitsidwa amawadziwa m'chilankhulo cha m'kalasi chokha, ndipo akaima pa guwa kwawo amalankhula zomwe agogo sakuzimva. N'chifukwa chake aphunzitsi ena amafuna kuti wophunzira azilalikira ndi kulemba zina mwa ntchito zake m'chilankhulo cha kwawo.

Omasulira Baibulo athandiza. Baibulo la Chitagalogi linatuluka mu 1905, ndipo mu 1980 kunatuluka Magandang Balita Biblia, lomwe Akatolika ndi Apulotesitanti anamasulira limodzi. Mu 2018 bungwe la Philippine Bible Society linatulutsa Chipangano Chatsopano m'chilankhulo chosakaniza Chitagalogi ndi Chingelezi, momwe achinyamata a ku Manila amalankhulira. Ena anakwiya nacho, koma achinyamata ambiri anachigula.

N'chifukwa chiyani Afilipino ogwira ntchito kunja amatchulidwa kwambiri pa nkhani imeneyi?

Chifukwa ndi ambiri, ndipo amafika komwe mmishoni sangafike. Kuyambira mu 1974, mu ulamuliro wa Ferdinand Marcos, boma linayamba kulimbikitsa anthu kukagwira ntchito kunja. Lero Afilipino pafupifupi 10 miliyoni amakhala m'maiko ena, ndipo pafupifupi 2 miliyoni mwa iwo ndi apakontilakiti, oposa theka ndi amayi. Ndalama zomwe amatumiza kwawo zimaposa madola 30 biliyoni pa chaka. Ndi anamwino ku Britain, amisiri ku Qatar, antchito a m'sitima zapanyanja, olera ana ku Italy ndi ku Singapore. Ku Hong Kong, Lamulungu lililonse amayi ogwira ntchito zapakhomo amadzaza misewu ya dera la Central, ndipo pakati pa magulu odya ndi kucheza pamakhalanso magulu opemphera, otsogoleredwa ndi mmodzi wa iwo omwe. Ku Saudi Arabia kulibe tchalitchi ndipo kupembedza poyera kwa omwe si Asilamu n'koletsedwa, choncho amene amasonkhana amatero m'nyumba, mosamala. Papa Francis, pokumbukira zaka 500 za Chikhristu cha ku Philippines mu Malichi 2021, anayamikira amayi achifilipino a ku Rome ngati anthu ozembetsa chikhulupiriro, popeza amachilowetsa m'makomo momwe amagwira ntchito.

Mabungwe monga Philippine Missions Association ndi Filipino International Network akhala akulimbikitsa mipingo kuti iziphunzitsa anthu ake asanakwere ndege. Maphunziro achidule a zaumishoni otchedwa Kairos, omwe tsopano afalikira m'maiko ambiri, anayambira mumzinda wa Butuan ku Mindanao m'zaka za m'ma 1990. Wopita kunja amafunika kudziwa kutsogolera kagulu ka anthu asanu popanda mbusa, kumvetsa chipembedzo ndi malamulo a dziko lomwe akupita, ndi kuzindikira nthawi yolankhula ndi nthawi yongogwira ntchito mokhulupirika.

Komabe nkhaniyi ili ndi mbali yake yowawa. Anthuwa sanachoke kwawo chifukwa cha masomphenya. Anachoka chifukwa ntchito za malipiro okwanira n'zosowa. Ena amalandidwa mapasipoti, ena amamenyedwa, ena amalera ana a eni pomwe awo akukula ndi agogo. Kunyongedwa kwa Flor Contemplacion ku Singapore mu 1995 kunagwedeza dziko lonse mpaka boma linakhazikitsa lamulo loteteza ogwira ntchito kunja chaka chomwecho. Mpingo umene umangowatcha amishoni n'kumadikira chakhumi chawo, osawaphunzitsa za ufulu wawo ndi kosadandaula akazunzidwa, osayendera ana ndi amuna kapena akazi awo otsala, ukuwadyera masuku pamutu. Kusula mtsogoleri wa kunja kumayambira pa kusamala banja lomwe walisiya.

Nanga ku Mindanao, komwe kuli Asilamu ambiri?

Kumeneko chofunika choyamba ndi kudziwa mbiri. Chisilamu chinafika ku Sulu m'zaka za m'ma 1300, Magellan asanabadwe, ndipo mafumu achisilamu anakana ulamuliro wa Spain kwa zaka mazana atatu. M'zaka za m'ma 1900 maboma analimbikitsa Akhristu a ku Luzon ndi Visayas kusamukira ku Mindanao, mpaka Amaranao, Amagindanao, Atausugi ndi mitundu ya kumapiri anasanduka ochepa m'madera ambiri a makolo awo. Kwa Msilamu wa kumeneko, Mkhristu wobwera ndi Baibulo amakumbutsa za malo olandidwa. Nkhondo inatenga zaka makumi angapo, ndipo dera lodzilamulira la Bangsamoro linakhazikitsidwa mu 2019, patangotha zaka ziwiri mzinda wa Marawi utaphwasuka pa nkhondo ya miyezi isanu.

Mtsogoleri wotumikira kumeneko amaphunzira chilankhulo, amaphunzira zomwe Asilamu amakhulupiriradi osati zomwe anamva m'mphekesera, ndipo amazolowera kuti ubale umatenga zaka. Bungwe la Silsilah, lomwe linayambitsidwa ku Zamboanga mu 1984 ndi wansembe Sebastiano D'Ambra, limaphunzitsa Akhristu ndi Asilamu pamodzi za kukambirana, ndipo kuyambira mu 1996 maepiskopi, abusa ndi akuluakulu achisilamu akhala akukumana pofuna mtendere. Ansembe ndi amishoni ena aphedwa m'derali. Koma pa nkhondo ya ku Marawi panalinso Asilamu amene anabisa Akhristu m'nyumba zawo n'kuwatulutsa amoyo. Wophunzira ayenera kumva nkhani zonse ziwiri.

Kodi kupereka udindo kwa aliyense sikubweretsa chisokonezo?

Kungabweretse, ndipo kwabweretsapo. Mipingo ikuluikulu ya m'mizinda, monga Victory ndi Christ's Commission Fellowship zomwe zinayamba mu 1984, yaonetsa kuti munthu wamba angaphunzitse mnzake mmodzi, kenaka n'kutsogolera kagulu, kagulu kaja n'kubala kena. Koma liwiro likaposa kukhwima, wotsogolera amangobwereza kabuku komwe anapatsidwa, ndipo funso lovuta likabwera alibe poyambira. Kumidzi, mbusa wosaphunzira amatengera zomwe waonera pa kanema, kuphatikizapo ulaliki wolonjeza chuma kwa opereka kwambiri.

Choopsa china ndi mtsogoleri wosafunsidwa ndi aliyense. Ulemu womwe Afilipino amapereka kwa akulu, ukaphatikizana ndi ngongole ya mumtima ija, umachititsa kuti mbusa amene anathandiza banja pa maliro asadzudzulidwe ngakhale atalakwa poyera. Apollo Quiboloy wa ku Davao, amene amadzitcha mwana wosankhidwa wa Mulungu, anamangidwa mu Sepitembala 2024 pa milandu yozembetsa anthu ndi kuzunza ana, milandu yomwe iye amaikana. Ndale nazo zili pafupi. Mu Febuluwale 1986 Kadinala Jaime Sin anaitana anthu pa Radio Veritas kuti atuluke mumsewu wa EDSA, ndipo ulamuliro wa Marcos unagwa. Komanso andale amadziwa kuti mtsogoleri wa mpingo angawabweretsere mavoti, ndipo Eddie Villanueva wa mpingo wa Jesus Is Lord anapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti mu 2004 ndi mu 2010. Maphunziro osakhudza kasungidwe ka ndalama za mpingo, chitetezo cha ana ndi malire a mphamvu za mbusa ndi operewera, ngakhale wophunzirayo atadziwa Chigiriki.

Tsono maphunziro oyenera amaoneka bwanji?

Amafika komwe munthu ali, m'chilankhulo chake, pa mtengo womwe angakwanitse. Amaphatikiza Malemba, khalidwe ndi ntchito za manja, chifukwa m'dziko lomwe limakumana ndi anamondwe pafupifupi 20 pa chaka mtsogoleri wa mpingo amapezekanso akugawa mpunga ndi kuika maliro. Namondwe wa Haiyan atapha anthu oposa 6,000 mu Novembala 2013, makamaka ku Tacloban ndi madera ozungulira, matchalitchi ambiri anasanduka malo othawirako, ndipo opulumuka ankafunsa komwe Mulungu anali. Msonkhano wachiwiri wa Lausanne, umene unachitikira ku Manila mu 1989, unatsindika kuti ntchito yolalikira ndi ya mpingo wonse ndipo siisiyana ndi kusamala ovutika.

Seminale ikufunikabe, mwinanso kuposa kale, koma ntchito yake yaikulu ndi kusula aphunzitsi a aphunzitsi, kulemba mabuku m'zilankhulo za anthu ndi kuteteza chiphunzitso kuti chisapotozedwe. Kupambana kwake kusayesedwe ndi kuchuluka kwa madigiri. Kuyesedwe pofunsa ngati msodzi wa ku Samar, mphunzitsi wa ku Cotabato ndi mayi wolera ana ku Dubai angathe kutsegula Baibulo, kulifotokoza molondola, kuyankha pa za ndalama zomwe asonkhetsa, ndi kukonzekeretsa wina woti adzapitirize iwo akadzachoka. Anthu otere akapatsidwa maphunziro ayeneranso kupatsidwa udindo weniweni ndi mawu pa ziganizo za mpingo, chifukwa ndi iwo amene akusenza ntchitoyi kale.